Akakupatsani kabotolo kokodzeramo kuntchito: zochita kuti nkhani ya kwa HR isakathere ku Maula

Makampani ena muno mu Lilongwe, makamaka aja a mathiraki, mafokolifiti ndi makina olemera ku Kanengo uko, a alonda, a zomangamanga komanso mabungwe olemba madalaivala, amayeza antchito awo kuti aone ngati akusuta chamba kapena kumwa mankhwala ozunguza bongo. Pena amayeza polemba ntchito, pena amangokudzidzimutsani mmawa mukungofika, pena ndi pambuyo pa ngozi. Ndipo munthu akamanjenjemera ndi kabotolo kaja mmanja sikuti akungoopa kutha kwa vepi kokha ayi, mumtima amakhala akufunsa kuti kodi pepala limeneli likatuluka pozitivu abwanawa angakalipereke kupolisi, ine nkupezeka ndagona mu selo?

Pepala la mkodzo palokha ndi umboni ofooka pa mlandu wa kukhoti. Chomwe chimamiza munthu ndi zomwe wasayina asanawerenge, zomwe wayankhula ali ndi mantha, ndi zomwe zapezeka mthumba kapena mu lokala yake. Nde zambiri zomwe ndinene apa zikukhudza cholembera ndi pakamwa panu, osati kabotoloko.

Musanakodze nkomwe, werengani fomu

Mkodzo, magazi ndi malovu anu ndi zanu, ndipo zomwe zili mmenemo ndi chinsinsi cha thupi lanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, aja a 1994, limati munthu aliyense ali ndi ufulu osunga chinsinsi chake, osasechedwa pathupi, pakhomo kapena katundu wake mwachisawawa, osalandidwa zinthu zake, osamveredwa mafoni ndi makalata. Ena amaganiza kuti zimenezi zimangomanga boma ndi apolisi basi, koma gawo 15 limanena kuti maufuluwa akuyenera kulemekezedwanso ndi anthu wamba ndi makampani pamene zikuwakhudza. Ndekuti bwana wa kampani ya payekha sangangoti ine si boma, ndichita zomwe ndikufuna.

Komano musatengeke. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe ngati pali lamulo ndipo chifukwa chake nchomveka, ndipo lamulo la chitetezo cha pantchito la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo oonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka. Dalaivala wa thanka ya mafuta yotsika ku Salima kapena munthu oyendetsa kireni pamwamba pa anzake, kumuyeza kuli ndi chifukwa chomwe aliyense angachimve. Mayi okhala pa risepishoni kuyankha mafoni, apo bwana akuyenera kufotokoza bwino kuti mkodzo wawo akuufuniranji.

Choyamba pezani kontrakiti yanu ndi malamulo a pakampani, aja anakupatsani tsiku loyamba inu nkungoponya mu sutikesi. Onani ngati nkhani yoyeza ilimo, ndipo ngati ilimo ikuti amayeza liti, amayeza chani, ndani amayeza, nanga munthu akapezeka pozitivu chimatsatira nchani. Ngati mulibemo kalikonse ndipo angoyamba lero chifukwa bwana wina wakwiya nanu, lembani zimenezo penapake ndi deti lake, zidzakuthandizani kutsogolo.

Kenako fomu yovomereza ija. Amakonda kuibweretsa mothamanga, nesi waima pakhomo, anzanu ali pa mzere kumbuyo akuti aise tasayina tizipita. Musathamange, safunsa anadya phula. Funsani kuti akuyeza mankhwala ati ndi ati, zotsatira aziona ndi ndani, azisunga kuti ndipo mpaka liti. Chachikulu kwambiri yang'anani kachiganizo kaja kamabisala kumunsi konena kuti kampani ikhoza kupereka zotsatira kwa "ena" kapena kwa achitetezo. Mukasayina pamenepo ndekuti mwatsegula nokha chitseko chopita kupolisi, ndipo mawa loya wanu adzavutika kunena kuti ufulu wanu unaphwanyidwa poti siginecha ndi yanu. Mukhoza kudula kachiganizoko ndi cholembera nkusayina pambali, kapena kulemba pamanja pamwamba pa siginecha kuti, "Ndavomera kuyezedwa pa nkhani ya ntchito yokha, sindinavomere kuti zotsatira ziperekedwe kwa wina aliyense kunja kwa kampani." Pemphani kopi. Akati fotokope yaonongeka jambulani ndi foni pompo.

Lamulo loteteza zokhudza munthu la 2024, lomwe oliyang'anira ndi a MACRA, limaika nkhani za umoyo mgulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera, ndipo mfundo yake ndi yoti zomwe mwatolera pa chifukwa chimodzi simungangozitembenuza nkukazigwiritsa ntchito ina mmene mukufunira. Zotsatira zotoleredwa kuti aone ngati mungayendetse fokolifiti sizikuyenera kusanduka nkhani ya pa gulupu ya WhatsApp ya ma supavaiza.

Nanga kukana kuyezedwa? Palibe bwana angakugwireni mwamphamvu nkukutengani mkodzo kapena magazi, zimenezo ayi. Koma ngati nkhaniyi ili mu kontrakiti yomwe munasayina, kukana kukhoza kuwerengedwa ngati kusamvera malamulo a pantchito ndipo akhoza kukuitanirani hiyaring'i pa chifukwa chimenecho. Nde ngati mukukana, nenani chifukwa chake molemba, mwaulemu, monga kuti fomu sikunena komwe zotsatira zipite kapena oyezayo sakuoneka kuti ndi wachipatala, ndipo onjezerani kuti muli okonzeka kuyezedwa zimenezo zikakonzedwa.

Kanthu kena komwe anthu amaiwala, mwavomera kuyezedwa chamba si kuti mwavomera kuyezedwa chilichonse. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti apeze ntchito. Ngati akutenga magazi funsani kuti machubu awiriwo ndi a chani.

Mankhwala omwe mukumwa, apa mpofunika kudekha

Tesiti yoyamba ija, ya kakapu kapena kakamtengo koviika mu mkodzo nkutuluka timizere pakatha mphindi zochepa, ndi yongosefa chabe. Simaona chamba chenichenicho, imangogwira chilichonse chooneka mofanana ndi chomwe anaikonzera, nchifukwa chake imanama ndithu nthawi zina. Ndipo kuno kwathu mankhwala omwe amainamiza ndi omwe anthu ambiri amamwa tsiku ndi tsiku.

Efavirenz, yemwe ali mu ma ARV aja a 5A, amadziwika kuti pa makiti ena amatulutsa pozitivu ya chamba munthu asanasutepo chibadwire. Kuyambira 2019 anthu ambiri anasinthidwa kupita ku 13A wa dolutegravir, koma amene akadali pa efavirenz akuyenera kudziwa zimenezi. Rifampicin wa TB ndi ma antibayotiki ena ngati ofloxacin ndi levofloxacin amatha kuonetsa ngati munthu wamwa mankhwala a mgulu la morphine. Mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine amatha kuoneka ngati amphetamine. Codeine wa mu mankhwala a chifuwa kapena a ululu uja nde amatulukadi pozitivu yeniyeni, koma ngati anakulemberani ndi adokotala palibe cholakwa mwachita. Chimodzimodzi diazepam.

Vuto lake mwaliona eti? Kuti mudziteteze mukuyenera kuulula kuti mumamwa ma ARV kapena a TB, zomwe mwina olo achibale ena sakudziwa. Nde njira yake ndi iyi, mankhwala omwe mukumwa muuze wachipatala amene akuyezayo, muli awiri, chitseko chotseka, musanapereke mkodzo. Osati supavaiza, osati mlonda wa pageti, osati a HR. Tengani kabuku kanu kakuchipatala kapena botolo la mankhwalawo mumuonetse, ndipo mumuuze momveka kuti dzina la matenda anu lisatuluke mchipindamo. Kampani chomwe ikufunika kudziwa ndi choti pali mankhwala ovomerezeka omwe akufotokoza zotsatirazo, basi, matenda ake si nkhani yawo. Wachipatala ali ndi lumbiro losunga chinsinsi ndipo akaulula mukhoza kukamudandaulira ku Medical Council of Malawi kapena ku khonsolo ya manesi ndi azamba. A HR alibe lumbiro limenelo, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhani zimayendera mmaofesi muno, ikafika nkhomaliro aliyense wamva.

Popereka mkodzowo khalani maso. Kabotolo kakhale katsopano kotsegulidwa inu mukuona, dzina kapena nambala yanu ilembedwe inu muli pompo, akatseke ndi kumata inu mukuona ndipo musayine pa chomatiracho. Pemphani kuti augawe pawiri, botolo lina lisungidwe lomata kuti mukadzatsutsa zotsatira lidzapite ku labu ina. Ngati akufuna wina akuperekezeni kuchimbudzi akhale wamwamuna kwa abambo, wamkazi kwa amayi. Mukaona mabotolo angoikidwa pa tebulo opanda maina, anthu akulowa ndi kutuluka, nenani nthawi yomweyo ndipo lembani pa fomu, chifukwa mukadzanena patatha sabata adzati mukungofuna pothawira.

Za kumwa viniga, kumwa madzi ndowa yonse, kuthira jiki mu botolo kapena kubwereka mkodzo wa mwana wa achimwene, zisiyeni. Oyeza odziwa ntchito amaona kutentha kwa mkodzo komanso ngati wasungunuka ndi madzi, ndipo mukagwidwa nkhani imachoka pa chamba nkukhala ya chinyengo, yomwe ndi yosavuta kuti akuchotsereni ntchito tsiku lomwelo.

Yatuluka pozitivu

Mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale oti, "Ndikupempha tesiti yotsimikiza ya ku labu." Musayambe ndi kufotokoza za ku ukwati wa Loweruka kapena za anzanu a ku Mchesi. Tesiti yotsimikiza, ija amati GC-MS kapena LC-MS, imaona dzina lenileni la mankhwala ndi kuchuluka kwake, ndipo efavirenz sangainamize. Pa chamba muyezo omwe boma la America limagwiritsa ntchito, omwenso makiti ambiri amatsatira, ndi ma nanogalamu 50 pa mililita pa tesiti yosefa ndi 15 pa yotsimikiza. Kampani yochotsa munthu ntchito chifukwa cha timizere ta pa kakapu tokha, osatsimikiza, yaima pa mwendo umodzi. Pempho lanulo lilembeni, sungani kopi.

Dziwaninso chomwe mkodzo umanena ndi chomwe sunena. Chomwe amapeza mu mkodzo si THC amene amaledzeretsa uja, ndi zotsalira zake thupi litamaliza kale kumugaya. Munthu osuta kamodzi zimatha kuoneka kwa masiku ngati atatu, osuta tsiku ndi tsiku zimatha kukhalabe mpaka mwezi kapena kupitirira chifukwa zimabisala mmafuta a mthupi, tsitsi nde limasunga mpaka miyezi itatu. Zili ngati phulusa pa mafuwa, limakuuzani kuti panali moto koma silinena kuti unayaka liti kapena ngati ukuyakabe. Ndekuti pozitivu ya mkodzo sikutsimikiza kuti munali oledzera pa ntchito tsiku limenelo. Malovu ndi magazi ndi zomwe zimayandikirako pa nkhani ya kusuta kwa posachedwa. Izi ndi zosiyana ndi mowa, komwe kachipangizo kopumira kaja kamaonetsa zomwe zili mthupi nthawi yomweyo.

Tsopano msampha waukulu uli apa. A HR kapena a sekyurite amakuitanirani mu ofesi, amayankhula mofatsa, "akulu, ife tikufuna tikuthandizeni, tangolembani lipoti muvomere kuti mumasuta, munene komwe mumagula, tikambirana ndi abwana zithere mommuno." Munthu chifukwa choganiza za renti ndi fizi ya ana umalemba tsamba lonse, kuti ndinayamba chaka chakuti, ndimagula kwa uje, pena ndimasungirako anzanga. Pepala limenelo ndi loopsa kuposa mkodzo uja kakhumi, chifukwa mkodzo sunena kuti munagula kuti, munasunga zingati, munagawira ndani, koma kalata yanu yanena zonse ndi dzanja lanu lomwe. Ndipo a HR si apolisi, sakuchenjezani kuti zomwe mulembezo zikhoza kukawerengedwa mukhoti. Akakuuzani kuti mulembe, lembani zochepa zokhudza tesitiyo, kuti ndalandira zotsatira tsiku lakuti, ndikupempha tesiti yotsimikiza ndi kopi ya mapepala onse, ndidzayankha pa hiyaring'i. Musaname, koma simukukakamizidwa kulemba mbiri ya moyo wanu.

Kalata yosiya ntchito nokha nayonso musasayine mothamanga, olo akuopsezeni kuti mukapanda kusayina tiitana apolisi. Pemphani tsiku limodzi kapena awiri mukafunse kaye kwa odziwa malamulo, ndipo mawu oopsezawo alembeni, ananena ndani, nthawi yanji, panali ndani.

Lamulo la ntchito la 2000 pa gawo 57 limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito akuyenera kupatsidwa mpata odziteteza kaye. Gawo 61 limaika udindo opereka chifukwacho pa olemba ntchito, osati pa inu. Ku hiyaring'i pitani ndi mnzanu wa pantchito kapena wa yuniyoni ngati ilipo, ndipo mafunso anu akhale pa ndondomeko, anayeza ndani ndipo ali ndi mapepala anji, kiti yake inali isanathe deti, botolo linadutsa mmanja mwa ndani, tesiti yotsimikiza ili kuti, malamulo a kampani amati chilango chake nchani. Ngati vuto la kusuta kapena kumwa lilipodi ndipo mukufuna thandizo, funsani ngati kampani ili ndi njira yotumiza munthu ku uphungu mmalo momuchotsa, a St John of God amathandiza anthu a vuto limeneli muno mu Lilongwe. Koma nkhani imeneyo kambani kaye ndi wachipatala kapena loya musanaiike pa pepala la kampani.

Apolisi akalowapo

Tiyambe ndi chosokoneza chija, choti chamba anachiloleza. Chamba chosuta sichinaloledwe ku Malawi kuno. Lamulo la 2020 linalola kulima ndi kugulitsa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority, osati kabanzi ka mthumba. Anzathu obwera ku Joni amatisokonezanso, kumeneko khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta payekha kwawo, ndipo mu 2024 khoti la apilo la zantchito linapeza kuti kampani ya Barloworld inalakwa kuchotsa mayi wina wa mu ofesi chifukwa cha pozitivu ya chamba chomwe amagwiritsa ntchito kunyumba. Amenewo ndi malamulo a ku South Africa, mukawatchula kupolisi pa Area 3 angokuyang'anani. Kuno mu 2022 mnyamata wina ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 chifukwa chopezeka ndi chamba mpaka anthu anachita ziwonetsero, nde musamatenge nkhaniyi mwachibwana.

Mlandu omwe timaumva kawirikawiri mmakhoti a majisitireti ndi opezeka ndi chamba popanda chilolezo, pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act. Kuti aboma awine amafunika chinthu chogwirika, chambacho, umboni oti chinali mmanja mwanu kapena mmalo omwe inu mumalamulira ndipo mumadziwa, komanso lipoti la akatswiri otsimikiza kuti ndi chambadi, chomwe kuno kuchigawo chapakati amakonda kutumiza kumalo ofufuza zaulimi ku Chitedze. Pepala la mkodzo lochokera ku kampani si chamba chogwirika. Koma likhoza kukhala poyambira, wapolisi akaliona nkuyamba kukayikira, kukatenga waranti, kukasecha kunyumba kwanu ku Area 25 kapena ku Chinsapo, kukufunsani mafunso. Ndipo nkhani imasintha kwambiri ngati pachitika ngozi, thiraki lagunda munthu kapena makina avulaza mnzanu, chifukwa apo apolisi amafufuza ngati munali oledzera ndipo zotsatira za tesiti amazifuna ndithu.

Kodi kampani ingangopereka fayilo yanu wapolisi akabwera nkuipempha pakamwa? Sikuyenera kutero. Njira yoyenera ndi yoti apolisi abwere ndi waranti kapena chilolezo cha khoti, ndipo zikatero kampani kapena kiliniki singakane. Mukamva kuti fayilo yanu yaperekedwa, lembani kalata kufunsa kuti inaperekedwa liti, kwa ndani, ndi chilolezo chanji. Koma ngati alonda akupezani ndi chamba chenicheni pageti, apo kampani ili ndi ufulu oitana apolisi, nkhani ya chinsinsi siingakupulumutseni.

Makhoti athu anaonapo nkhani yofanana nayo. Mu 2009 apolisi ku Mwanza anagwira amayi 11 omwe amawaganizira kuti ndi oyendayenda, anawatengera kuchipatala nkuwayeza HIV asanavomere, zotsatira nkukaziwerenga mukhoti anthu ali phwamwamwa. Mu 2015 High Court ku Blantyre, kudzera mwa Justice Dorothy Kamanga, inagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi ndi ulemu wawo. Ku America nako mu 2001 khoti lalikulu pa mlandu wa Ferguson v. City of Charleston linati chipatala cha boma chinalakwa kuyeza amayi oyembekezera cocaine mobisa ndi cholinga chopereka zotsatira kupolisi. Khoti lomwelo mu 1989 linali litalola kuyeza ogwira ntchito ku njanji pambuyo pa ngozi chifukwa cholinga chinali chitetezo. Mzere wake uli pamenepo, kuyeza pofuna kuteteza miyoyo pantchito ndi nkhani ina, kuyeza ngati njira yachidule yotolera umboni wa apolisi ndi nkhani inanso. Koma musaganize kuti majisitireti angotaya umboni yekha chifukwa unapezeka molakwika, loya wanu akuyenera kudzutsa nkhaniyo ndi kuimenyera, nchifukwa chake mafomu ndi madeti aja ndimati musunge.

Akakugwirani, gawo 42 ndi lanu. Akuyenera kukuuzani chifukwa chomwe akugwirirani mchiyankhulo chomwe mukumva, muli ndi ufulu okhala chete, simukakamizidwa kuvomera mlandu, muli ndi ufulu oonana ndi loya, ndipo akuyenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito, apo ndi tsiku lotsatira la khoti. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Perekani dzina lanu ndi komwe mumakhala, osalimbana nawo, osatukwana, kenako nenani kuti, "Bwana, ndiyankhula loya wanga akabwera." Bwerezani zomwezo olo afunse kasanu.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira apa ndi gawo 176 la lamulo loyendetsera milandu ndi umboni. Limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu ilandiridwe mukhoti olo inu mukunena kuti simunaipereke mwakufuna kwanu, khoti limadzaona pambuyo ngati munanenadi ndi inu komanso ngati zili mmenemo ndi zoona. Kunena kwina, mukangosayina, kudzaichotsa ndi ntchito yaikulu zedi. Nde musasayine sitetimenti yomwe simunawerenge, kapena yolembedwa mchizungu chomwe simukuchimva bwino, pemphani akuwerengereni mu Chichewa, pomwe alemba zomwe simunanene kanani, ndipo musasiye mpata opanda kanthu pamwamba pa siginecha. Mukafika kukhoti musathamangire kuvomera chifukwa wina wakunong'onezani kuti ukavomera angokulipiritsa faini uzipita. Mbiri ya mlandu imatsala, ndipo mabungwe ndi ma embasi omwe mukufunako ntchito mawa amafuna kalata ya kupolisi.

Pa zosecha, lokala ndi galimoto ya kampani ndi katundu wa kampani, nthawi zambiri malamulo awo amawalola kutsegula, koma limbikirani kuti atsegule inu mulipo ndi mboni yanu, makamaka ngati lokalayo mumagawana ndi wa shifiti ina kapena kiyi wake ali ndi anthu angapo, nenani zimenezo nthawi yomweyo zilembedwe. Foni yanu ndi nkhani ina. Bwana alibe mphamvu yokulamulani kuti mutsegule WhatsApp yanu, ndipo wapolisi akaifuna funsani mwaulemu ngati ali ndi waranti. Akalanda chilichonse pemphani alembe mndandanda wa zomwe atenga.

Ngati mulibe ndalama ya loya pitani kapena tumani wachibale ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi muno mu Lilongwe, komanso ma paralego a PASI amayenda mmapolisi ndi mndende kuthandiza anthu kumvetsa milandu yawo.

Zotsatira zanu zikafalitsidwa pa gulupu kapena zikamatidwa pa bolodi, jambulani sikirinishoti yoonetsa deti ndi amene watumiza asanafufute, kenako dandaulo likhoza kupita ku MACRA kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati mumagwira m'boma kulinso a Ombudsman. Za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo zimayambira kwa a leba a pa boma, ndipo gawo 62 limakupatsani miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa, nde musadikire kuti mlandu wa kupolisi uthe kaye, ziwirizi zimayenda padera ndipo ya kupolisi ikhoza kukoka chaka. Zikakanika kwa a leba nkhani imapita ku Industrial Relations Court, komwe akhoza kulamula kuti mubwezeretsedwe pantchito kapena mulipidwe chipukuta misozi. Popita tengani kontrakiti, malamulo a kampani, kopi ya fomu munasayina ija, pepala la zotsatira, kalata yanu yopempha tesiti yotsimikiza, kalata yoitanira hiyaring'i ndi yochotsera ntchito, ndi ma peyisilipi a miyezi yomaliza. Kabuku kakuchipatala kasungeni mthumba lina, mukatulutse pokhapokha loya wanu wanena kuti kakufunika.